Kodi Dedza idzasanduka khonde la Lilongwe?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe: "Ndakhala pa lendi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mapuloti a m'tauni muno mtengo wake sindingaufikire. Alamu anga akuti ndigule malo ku Dedza pa Boma, poti Lilongwe ikukula ndipo posachedwapa anthu azidzagona ku Dedza n'kumagwira ntchito ku Lilongwe. Kodi n'zoona? Nanga tauniyi ikukula ndi chiyani, ndipo munthu akakhazikika kumeneko angadalire chiyani?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Ine mchombo wanga uli ku Dedza komweko, ndipo ntchito imene ndagwira zaka zambiri ndi yoona kamangidwe ndi kakulidwe ka matauni, choncho nkhaniyi ikundikhudza pawiri. Ndikuuzeni mosapsatira mawu: alamu anu akunena zoona kuti Dedza ikukula, koma chifukwa chimene akupereka si chimenecho. Dedza sikukula poti Lilongwe ikuyandikira ayi. Ikukula ndi mphamvu za kumunda, za kumalire ndi za pamsewu. Mukasakaniza ziwirizi mudzagula malo olakwika, n'kumadikira mlendo amene sananyamuke n'komwe.

Tiyambe ndi mtunda, chifukwa ndi umene sungasinthe. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 170 patsiku, ndipo ngati mumagwira ntchito masiku 22 pamwezi, ndiye kuti mwezi umodzi mwayenda makilomita 3,740. Galimoto yaing'ono yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi ingamwe malita oposa 300 mwezi uliwonse, osawerengera matayala, ndalama ya pachipata cholipiritsa cha Kalinyeke, ndi masiku amene mafuta asowa n'kugona pamzere. Mukati mukwere minibasi, ola limodzi ndi theka silikwana kawirikawiri, poti imaima pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Kamphata, pa Nathenje, kutsitsa uyu kukweza uyo, kumangirira matumba. Ndalama imene mwapulumutsa pa lendi idzathera pamsewu, ndipo ana anu azidzakuonani Loweruka lokha ngakhale mukugona nawo nyumba imodzi.

Matauni ogonako anthu a ntchito za mumzinda alipo ndithu, koma ali pafupi: Nanjiri ndi Nathenje kummwera, Lumbadzi kumpoto, Mitundu cha ku Bunda. Kumeneko munthu amadzuka, kukwera galimoto, n'kufika ku ofesi nthawi isanakwane. Lilongwe yakhala ikufutukuka kuyambira pamene inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu. Pa zaka khumi zokha, kuchokera mu 2008, mzindawu unawonjezera anthu oposa 300,000, kutanthauza matauni khumi ofanana ndi Dedza. Koma anthu onsewa akudzaza kaye malo oyandikana ndi mzinda, ndipo pakati pa Nathenje ndi Dedza padakali minda ndi midzi yambirimbiri.

Tsono Dedza ndi chiyani, ngati si khonde la Lilongwe? Kuti muimvetse, yang'anani kaye mmene nthaka yake inakhalira. Boma lonse la Dedza lili ngati nyumba yosanja katatu. Pamwamba penipeni pali mapiri: phiri la Dedza lotalika mamita 2,198, mapiri a Chongoni, ndi zitunda za Bembeke. Tauni inamangidwa patsinde pa phirilo, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo palibe tauni ina ya boma m'Malawi muno yokwera kuposa imeneyi. Lilongwe ili pa mamita 1,050 basi. Kumpoto ndi kumadzulo kuli chigwa chachonde cha Linthipe, Chimbiya ndi Lobi, kumene kumachokera chimanga, soya, mtedza, nyemba ndi fodya. Mukatsika kummawa kudzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, mufika ku Golomoti, Mtakataka ndi Mua, dziko lotentha la mphepete mwa nyanja, la mpunga ndi nsomba, kumene kumadutsanso njanji yopita ku Salima. Munthu angathe kuchoka pa Boma m'mawa atavala juzi ndi chipewa, n'kufika ku Golomoti patangotha ola limodzi thukuta lili kamukamu.

Kuzizira kumeneku musakutenge ngati nkhani yocheza. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imakuta phiri, kamvula kowaza kamagwa dzuwa osaoneka tsiku lonse, ndipo m'madambo ena chisanu chimawaula mbewu. Koma kuzizira komweko ndi kumene kumabereka kachewere, kabichi, mapichesi ndi mitengo ya paini. Chuma cha tauniyi chinabadwa m'nyengo yake.

Mbiri ya dera lino ndi yakale kuposa tauni iliyonse m'dziko muno, ndipo pano ndilolereni ndichedwepo pang'ono. M'mapanga a Chongoni muli zithunzi zojambula pamiyala m'malo 127, zimene bungwe la UNESCO linaziika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, alenje amene anakhala kuno makolo athu asanafike. Zoyera ndi za Achewa, zina za chinamwali cha atsikana, zina za Gule Wamkulu. Mukapita ku Chencherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi mudzaziona ndi maso anu, ndipo zimandipweteka kuti ana ambiri a sukulu za pa Boma pomwepo amamaliza Fomu 4 asanapondeko phazi. Kumunsi, pafupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wa zofukula zakale Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopa n'kupeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa ndi mbale zochokera kutsidya kwa nyanja, umboni woti anthu a kuno ankachita malonda ndi maiko akutali zaka mazana angapo zapitazo.

Kenako kunabwera Angoni a Maseko, amene anakhazikika cha ku phiri la Domwe, tsidya la Mozambique lero, ndi m'zitunda za Ntcheu ndi Dedza. Atagawikana pankhani ya ufumu, Kachindamoto anatsikira ku Mtakataka, Gomani n'kutsala kumtunda mpaka pamene atsamunda anamupha mu 1896. Ayao nawonso analowa chakumpoto kwa bomali, kwa Tambala. N'chifukwa chake mukaona mafumu a Dedza mupeza Kachere, Kaphuka, Kasumbu, Kamenyagwaza, Chilikumwendo, Chauma, Tambala ndi Kachindamoto, Achewa, Angoni ndi Ayao m'boma limodzi. Amishoni anatsatira. Ansembe a White Fathers anatsegula Mua mu 1902, kenako Bembeke, pamene a Dutch Reformed anakhazikika ku Mphunzi. Bishopu woyamba Wachimalawi mu mpingo wa Katolika, Cornelius Chitsulo, anatsogolera dayosizi ya Dedza.

Tauni yeniyeniyo inayamba ngati boma la atsamunda: ofesi ya DC, polisi, ndende, chipatala ndi masitolo ochepa. Azungu anaikonda chifukwa cha mphepo yake yozizira, ndipo anadzala paini paphiri ndi ku Chongoni, kumene mpaka lero kuli koleji yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire. Mu 1951 anatsegula sekondale ya boma ya Dedza, imene anthu amangoitchula kuti Box 48, imodzi mwa masekondale akale kwambiri m'dziko muno, ndipo yatulutsa akuluakulu ambiri a boma. Choncho kwa nthawi yaitali Dedza inali tauni ya anthu a malipiro a pamwezi: aphunzitsi, anamwino, apolisi, akalaliki ndi ogwira ntchito za nkhalango ndi zocheka matabwa.

Manambala a kalembera amafotokoza nkhani yosangalatsa. Mu 1977 tauniyi inali ndi anthu osakwana 6,000. Mu 1987 anafika pafupifupi 17,000. Mu 1998 anatsika kufika pa 15,400, kenako mu 2008 anapitirira 20,000, ndipo mu 2018 anakwana 30,928. Kodi tauni imatani kuti ichuluke katatu pa zaka khumi, kenako n'kuchepa? M'kuona kwanga yankho lili kumalire. Kuyambira cha mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu oposa miliyoni imodzi m'Malawi muno, ndipo Dedza ndi Ntcheu analandira ochuluka zedi. Ndikukumbukira ndili mnyamata, zisakasa zitandandalika m'mbali mwa msewu, magalimoto a ufa ndi nyemba akudutsa, msika utadzaza anthu olankhula Chichewa chathu chomwechi koma chosakaniza ndi mawu a Chipwitikizi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ambiri anabwerera kwawo, ena anatsala atakwatira kapena kukwatiwa konkuno. Onani tsono: Lilongwe inali ikukula nthawi yonseyi, koma Dedza inakwera ndi kutsika motsatira zochitika ku Angonia, dera la Mozambique lochita malire ndi Dedza, osati ku Capital Hill.

Malirewa mpaka lero ndi mtsempha wa tauniyi. Chipata cha Dedza chimatulukira ku Calomue, n'kulowera ku Ulongwe ndi ku Tete, njira ya malole opita ku Zimbabwe, ku South Africa ndi kudoko la Beira. Kwa katundu wopita ku Lilongwe, njira imeneyi ndi yachidule kusiyana ndi kuzungulira ku Mwanza. Malole akaima kudikira mapepala, madalaivala amafuna pogona, chakudya ndi makaniko, ndipo makampani okonza zikalata za katundu amafuna maofesi. Kuwonjezera apo pali malonda a tsiku ndi tsiku amene sadutsa n'komwe pachipata. Kuchokera ku Dedza kupita ku Lizulu mpaka ku Biriwiri, msewu wa M1 umayenda m'malire enieniwo: dzanja ili ndi Malawi, linalo ndi Mozambique, ndipo mabanja ali uku ndi uku. Kachewere, nyemba ndi chimanga chambiri chimene mumagula pamisika ya kumeneko chinalimidwa tsidya linalo.

Komabe msana wa chuma ndi khasu. Boma lonse la Dedza linali ndi anthu 830,512 mu 2018, kutanthauza kuti mwa anthu 100 alionse, osakwana anayi ndiwo amakhala m'tauni. Ena onsewo ali kumudzi, ndipo tauni imapuma ndi mpweya wawo. Chaka chimene kachewere wachita bwino ku Bembeke ndipo soya wagulidwa pamtengo wabwino ku Chimbiya ndi ku Lobi, mudzaona malata, simenti ndi njinga zamoto zikutuluka m'masitolo a pa Boma. Chaka cha chilala kapena cha feteleza wodula, eni masitolo amangokhala pakhonde kuothera dzuwa. Chipisi chimene mumadya pa chiwaya ku Lilongwe kawirikawiri chinachokera kuzitunda zimenezi. Ubale wa matauni awiriwa ndi umenewo: Dedza ndi dimba ndi nkhokwe ya Lilongwe, osati chipinda chake chogona.

Zilipo zina zowonjezera. Dedza Pottery yakhala ikuumba makapu, mbale ndi matailosi kuyambira mu 1987, ndipo imaimitsa apaulendo ambiri. Ku Mua kuli Kungoni, malo a zosemasema ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ku Bwanje kuli sikimu ya mpunga ya mahekitala 800, ndipo ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Ngakhale timu ya Dedza Dynamos italowa mu ligi yaikulu, masiku a mpira ogulitsa zakudya ndi a kabaza anayamba kuona kusintha.

Sindingakhale wachilungamo ndikakubisirani zofooka zake. Choyamba, pafupifupi zonse zimene Dedza imalima zimachoka zili zaziwisi. Kachewere amakwera lole ali m'thumba, soya chimodzimodzi, tomato akachuluka amaolera pamsika. Phindu lalikulu limakapangidwa kwina, ndipo ntchito za m'mafakitale zimene zikanagwira achinyamata kuno n'zochepa. Chachiwiri, msewu wa M1 sudutsa pakati pa tauni, umailambalala. Mabasi a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amangodutsa chapatali, ndipo n'chifukwa chake malonda akusamukira kumphambano ndi kunjira ya kumalire, pamene mbali zina za pa Boma zikuoneka ngati zinaima. Chachitatu, pamene boma linasankha matauni asanu ndi atatu oti akwezedwe kukhala mizinda yachiwiri pansi pa masomphenya a Malawi 2063, linatchula Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Dedza palibepo. Ine ndimaona kuti tauni yokhala ndi chipata cha malire ndi minda yotere inayenera kuganiziridwa, koma mmene zililimu musayembekezere kuti ndalama zikuluzikulu za chitukuko ziyambira kumeneko.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi phiri. Amene tinaliona kale lili bii ndi mitengo timamva chisoni tikaliyang'ana lero. Kudula kosabwezeretsa, makala ndi moto wolusa zalivula malo ambiri. Phiri lija ndi thanki ya tauni: mitengo ikakhalapo, mvula imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe chaka chonse. Ikachoka, madzi amathamanga tsiku limodzi, kukokolola nthaka ndi kugumula misewu, ndipo pofika Okutobala mipope imayamba kulira mphepo. Tauni ya anthu 30,000 ikhoza kupirira, koma ikadzafika 50,000 phiri lili lambee, vuto loyamba lidzakhala madzi, osati malo.

Tsono mugule kapena ayi? Zitengera chimene mukufuna kuchita nawo malowo. Ngati cholinga ndi kugona ku Dedza n'kumalawirira ku ofesi ku Lilongwe, ndikuti ayi, funani malo cha ku Nathenje kapena ku Mitundu ngakhale akhale aang'ono. Ngati mukuganiza za pokakhala mukadzapuma pa ntchito, kapena mungathe kupempha kusamutsidwira ku Dedza, kapena mukufuna kumanga nyumba zochititsa lendi kwa aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito kumalire, kapenanso kuyamba geni ya mbewu ndi mosungira katundu, pamenepo Dedza ndi malo abwino ndithu. Tauni imene yawonjezera theka la anthu ake pa zaka khumi imafuna nyumba. Kungoti lendi ya kumeneko ndi yotsika poyerekeza ndi ya ku Lilongwe, pamene simenti ndi malata mtengo wake ndi womwewo, choncho ndalama yanu idzabwerera mochedwerapo. Muwerengere zimenezo musanayambe.

Pogula, safunsa anadya phula. Malo ambiri ozungulira tauni ndi a makolo, ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo kwa Achewa a kuno munda umayenda kuchikazi. Bambo amene akukuonetsani malowo akhoza kukhala mkamwini, wolima pamunda wa akazi ake, wopanda mphamvu yogulitsa ngakhale phazi limodzi. Ndaonapo ndi maso anga munthu atamanga mpaka pawindo, kenako eni mbumba n'kutulukira kuti sanauzidwe, nkhani n'kukathera kubwalo zaka zingapo nyumba ikumera udzu. Choncho funsani kuti mwinimbumba ndani, akhalepo pamodzi ndi alongo ake, nyakwawa ndi agulupu adziwe, ndipo zonse zilembedwe pamaso pa mboni. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa kagulitsidwe ka malo a makolo, ndiye musanapereke ndalama pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo mukafunse ngati malowo angagulitsidwe n'komwe, ngati ali m'dera la mapulani a tauni, ndiponso njira yopezera lizi. Kalata ya amfumu payokha si chikalata cha umwini.

Yang'ananinso nthakayo. Puloti ya pamtsetse wa phiri imaoneka bwino ndipo imatchipa, koma maziko ake amadya ndalama kuwirikiza, ndipo madzi a mvula amatsikira pakhomo panu. Onetsetsani kuti simunalowe m'malire a nkhalango ya boma, kapena m'gawo la msewu limene lamulo limaletsa kumangapo, chifukwa nyumba zotere zimagwetsedwa popanda chipukutamisozi. Malo a kudambo apeweni ngakhale atakuuzani kuti sipadzadza madzi. Funsani oyandikana nawo kuti mpope wa Water Board unafika pati, madzi amatuluka masiku angati pamlungu m'chilimwe, ndipo pholo la ESCOM lapafupi lili kutalika bwanji. Ndipo poti dziko la Mozambique lili pamphuno pomwepo, malo a kufupi ndi malire muonetsetse mabikoni ali pati.

Musanasankhe, chitani ichi. Pitani mu Julayi, osati mu Okutobala pamene kunja kukukoma. Mukagone masiku atatu, muyende wapansi kuchokera pamalo akukuonetsaniwo kufika kumsika, kuchipatala ndi kusukulu imene ana angaphunzire. Lolemba m'mamawa mudzuke 4 koloko, mukaime pamsewu ndi chikwama chanu m'nkhungu ija, mukwere minibasi yoyamba ya ku Lilongwe, ndipo mukafika pa ofesi muyang'ane wotchi. Mukapite nawo alamu anuwo.